Chimera cha Phala la Wezi

Kwa Kambombo,
chilimwe chino, tsiku loti mawa unyamuka.

Esinati mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe utapita kukatsazika azakhali ako kutsidya la dambo. Ndakhala pamthunzi wa nkhokwe, pensulo ndabwereka kwa aphunzitsi, ndipo Wezi wagona pamiyendo panga. Ukaona zilembo zikukhota usaseke, dzanja linali likumuingira ntchentche mwana wako. Ndalemba m'Chinyanja, osati m'Chisenga chathu, kuti atate ake a Wezi akawerenge okha kumigodi kumeneko, asakanene kuti wawonjezera mawu. Pakamwa ndalephera kukuuza. Iwe ndi ine tikayamba nkhani timathera kukangana, ndipo sindingakudzudzule, ukaliwo unatengera kwa ine.

M'mawa uno ndinakuona. Unatulutsa m'dengu lako kamtolo ka mawere ndi kathumba ka chimera zimene ndinakumangira, n'kuzikankhira kuseri kwa mtsuko, poyesa kuti ndapita kumadzi. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Amuna ako analemba kuti m'komboni ya mgodi mkazi akapezeka ndi chimera amamuyesa wofulula mowa, apolisi a komboni amataya zonse n'kumugwira, ndipo mwamuna angathe kulandidwa nyumba. Analembanso kuti kumeneko ufa wa chimanga amagawa sabata ndi sabata, buledi ali m'sitolo. Sindikuwatsutsa, malowo akuwadziwa ndi iwo. Koma iwo sanamuone Wezi mwezi uja unamuletsa kuyamwa chifukwa cha pakati ulinapopa. Sanaone tsitsi lake likufiira, khungu la matako likukwinyika, phala la chimanga akulilavula. Iwe unaona. Ukudziwanso kuti chimene chamudzutsa mpaka kuyambanso kukwawa ndi phala la mawere lothira chimera limene ndakhala ndikumuphikira ine. Sanalimbe mwanayu, wangoyamba kumene kubwerera. Ndiye ndifuna udziwe chimene wakankhira kuseri kwa mtsuko.

Tatenga njere imodzi ya mawere, awa timati lupoko kwathu kuno, uiike pachikhatho. Ukapuma mwamphamvu yapita. Ine ndakalamba ndikuwapera, komabe mpaka lero sindinawazolowere. Chimanga timachipatsa ulemu chifukwa cha msinkhu, koma tachisiya m'nkhokwe mvula igwe kawiri, upeza anankafumbwe atakusiyira fumbi lokhalokha. Mawere amawalephera, alibe polowera. Chaka china iwe usanabadwe njovu zinalowa m'minda n'kutha chimanga cha mudzi wonse. Tinakafukula ngala zakale zimene zinaiwalika pansi pa nkhokwe ya agogo ako, zakuda bii, zoti palibe ankakumbuka chaka chimene zinakololedwa. Zina tinadya, zina tinafesa mongoyesa. Zinamera, Esinati. Ndinafika kumunda m'mawa wina n'kupeza nthaka yonse itabiriwira, ndipo ndinaima chilili ndi khasu paphewa, mantha atandigwira. Kanthu kochepa chotero kanagona mumdima zaka zonsezo moyo uli m'kati, kakungodikira madzi. Chaka chimenecho m'mudzi mwathu simunafe munthu ndi njala.

Cholakwa changa choyamba chinali mchenga. Nditangokwatiwa ndi adada ako ndinafuna kuonetsa apongozi kuti atola mkazi wa manja. Ndinapuntha mawere pabwalo, ndinapeta, ndinapera pamphero mpaka mawondo kutupa, ndinaphika osafunsa munthu. Kwathu ku Chikwa amama ankapunthira pamphasa, choncho sindinadziwe kuti bwalo la kuno ndi la mchenga wofiirira, wamsinkhu umodzi ndi mawerewo, woti lichero silingasiyanitse. Apongozi anga aamuna anatema mbamu yoyamba, anatafuna kamodzi, n'kuleka. Ine mkamwana, mkazi wa mwana wawo, sakanandilankhula maso ndi maso, ndiye anaitana akazi awo mokweza kuti ine ndimve ndili kukhitchini.

"NyaZimba, takafunsani ngati mchengawu watsalako. Manje ndifuna kukonza khonde langa."

Mudzi wonse unaseka mwezi wathunthu. Safunsa anadya phula, ine ndinadyetsa anthu dothi. Tsono iwe mawere alionse, ngakhale ogula kwa munthu wa nkhope yabwino, uziwatsuka. Thira m'chikho cha madzi, zungulitsa, khuthulira pang'onopang'ono m'china, mchenga umatsalira pansi. Bwereza mpaka pansi pa chikho pasakhale kanthu kokhukhuluza chala. Yanika, kazinga pang'ono paphale mpaka fungo lituluke, kenaka pera. Kumigodi sukapeza mphero m'nyumba, koma ndamva kuti akazi a Chibemba alipo ambiri, ndipo mawere ndi chakudya chawo cha makolo. Ukawapatse moni mwaulemu, akakubwereke mwala, akakuuzenso kogula ako akatha. Mano a munthu wamkulu amapirira mchenga, koma mimba ya Wezi singapirire.

Cholakwa chachiwiri sindichiseka. Ukudziwa kuti sunali woyamba kubadwa, patsogolo pako panali Suzgo ndi Komani. Kuno kuchigwa ng'ombe kulibe chifukwa cha ntchentche za kashembe, ndiye mwana akachoka pabere alibe mkaka wina. Ndinkachita zimene mkazi aliyense ankachita. Phala likalimba mwana wofooka sangameze, ndiye umathira madzi. Akakanabe umathiranso, mpaka kaufa kodzaza chikhatho chimodzi kadzaza mphika. Mwana amamwa, mimba imatupa, iwe n'kumati wakhuta. Ankakhuta madzi ana anga. Suzgo anapita m'dzinja, Komani anapita mawere akucha m'munda, mbalame zikudya chakudya chimene chikanamusunga. Anthu ananena zambiri, ena ankati tsempho, ena ankaloza nyumba za anzawo, ndipo ine ndinavomera zonse chifukwa ndinalibe chonena changa. Usathire madzi m'phala la mwana pofuna kulifewetsa, Esinati. Ndikadzabwereza mawuwa m'munsimu usatope nane.

Iwe unabwera wachitatu, ndipo njira yako inayamba kufanana ndi ya abale ako. Ndinadwala malungo, bere linauma, iwe unayamba kutha. Maso okha ndiwo anatsala. Nthawi imeneyo adada ako anaitana dima kuti anthu adzatipalire munda, popeza ine ndinalibe mphamvu, ndipo ntchito yanga inali kuwaphikira thobwa. Ndinaphika phala la mawere lolimba ndithu, loti mthiko kuima wokha pakati. Ndinaphula, ndinadikira kuti lizizireko mpaka chala chizitha kukhalamo, ndinawaza ufa wa chimera, n'kutakasa. Ntchito imeneyi ndinaigwira kuyambira ndili mtsikana, koma ndinali ndisanaiyang'anepo. Timawaza, timavundikira, timapita kukachita zina. Tsiku limenelo miyendo inakana kudzuka, choncho ndinangokhala pansi, iwe uli pamiyendo, maso ali mumphika.

Mwana wanga, zimene ndinaona ndimazionabe. Phala lija linayamba kumasuka m'mbali mwa mphika. Mthiko umene unaima unapendekeka pang'onopang'ono mpaka kugona. Ndinautukula, ndipo chinthu chimene posachedwapo chinali chouma gwa chinayenderera kutsika ngati uchi wa m'chilimwe. Madzi sindinathiremo ngakhale dontho. Moto panalibe. Ufa wonse umene ndinaphika unali momwemo, mphamvu yake yonse ili momwemo, koma tsopano unali woti khanda n'kumeza. Pamenepo iwe, amene unkakana chilichonse, unatambasula dzanja n'kugwira mthiko, n'kuika zala m'kamwa. Unayamwa zalazo. Unatambasulanso.

Ndinatunga pang'ono m'kamphika, ndinabwezera pamoto kuti kawire, ndinaziziritsa, n'kuyamba kukumwetsa. Adada ako anatulukira kudzatenga thobwa la olima n'kundipeza ndikutero.

"Iwe, mwana wodwala ukumupatsa thobwa?"

"Silinasase, adada ake. Ndi phala lomwe lija, langomasuka."

"Manje akafa nalo tidzanena chiyani kwa anthu?"

"Akufa kale. Taonani mmene akumezera."

Anagwada n'kuyang'ana kukhosi kwako kukukwera ndi kutsika. Anapita kumunda kukauza olima kuti thobwa lichedwa. Tsiku limenelo unagona osalira, ndipo mmene mwezi unkaoneka wina unali utayamba kundiluma chala ndi ukali.

Chimene chimachitika mumphikamo sindichidziwa, ndipo sindinama kuti ndimachidziwa. Mudzi wonse umaphika thobwa, tonse tinkaona phala likusungunuka, koma tinkati ndi chakumwa cha akuluakulu a makasu, ana athu tikuwamwetsa madzi. Ndikamaganiza ndekha ndimati njere ikamamera imakonzera kamphukira kake chakudya chofewa, monga ife timachitira ndi bere, ndipo ife timangobwereka nzeru ya njereyo. Amene anaika bere m'kanthu kochepa ngati mchenga ndimamuopa. Mpaka lero ndikawaza chimera sindichoka pamphika, ndimakhala pansi n'kupenya. Unkandiseka uli mtsikana, unkati amama akudikira mphika uwalankhule.

Pamenepa ndiye pali cholakwa changa kwa iwe. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumeretsa ndekha, kupera ndekha, iwe kumangolandira kamphika kofunda. Ndinkati uli ndi pakati, upumule, komanso kunena zoona ndimaikonda ntchitoyi moti sindifuna kugawana ndi munthu. Tsopano ukupita ndi manja osaidziwa. Kathumba kamene ndakuperera sikakafika kutali, ndiye mvetsa. Tenga mawere otsuka koma osakazinga, odzaza manja awiri, osapitirira. Viika madzulo, vuula m'mawa. Yala palichero mopyapyala, vundikira ndi masamba a nthochi, kapena chiguduli chonyowa ngati nthochi kulibe, ika pamthunzi. Uziwaza timadzi ndi zala m'mawa ndi madzulo. Masiku usawerenge, amasiyana ndi nyengo, koma uziyang'ana. Poyamba njere zimatupa. Kenaka iliyonse imatulutsa kamchira koyera, ndipo ukaika dzanja pansi pa masamba umamva kufunda, ngati pali chamoyo chagona. Michira ikalukana moti ukanyamula pangodya zonse zikutsatira ngati mphasa, fungo lili lozuna, chapsa chimera. Usadikire kuti chibiriwire. Yanika padzuwa mpaka chizithyoka, fikisa m'manja, pera, sunga m'chitini chouma chotseka bwino.

Pamenepanso ndinapunthwa kawiri. Ulendo wina ndinafuna kuti chimere msanga, ndinathira madzi ambiri n'kuvundikira kolimba. Povundukula ndinapeza chuku, fungo ngati nsalu yoiwalika m'madzi. Ndinataya zonse, ndipo iwe unakhala masiku angapo wopanda phala lako, ine mtima uli m'mwamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimera chachuku usamupatse mwana, ngakhale ukaone nkhuku zikuchitola mokondwa. Ulendo wina ndinali wofulumira kupita kumaliro, ndinawaza chimera phala likubwata pamoto. Ndinatakasa mpaka mkono kuwawa, phala linangokhala gwa. Ndinayesa kuti yandithawa mphamvu ija ya chimera, ndinatsala pang'ono kulira. Chimera n'chamoyo, moto waukali umachipha. Phula kaye, lizizireko mpaka chala chizipirira, waza kochepa kotsina ndi zala zitatu, vundikira. Likamasuka ndiye bwezera pamoto liwire pang'ono. Ukakhala ndi nsinjiro thiramo. Madzi ayi, Esinati, madzi ayi.

Tsono za mowa. Mantha ali nawo amuna akowa ine ndinawalawa kale, osati kwa apolisi koma kutchalitchi. Utayamba kuchira ndinkameretsa chimera mwezi ndi mwezi, ngakhale nthawi yopanda dima kapena ukwati. Ndinali nditangobatizidwa kumene, ndipo mpingo wathu ukuudziwa, mowa sufuna kuumva n'komwe. Poopa pakamwa pa anthu ndinkabisa lichero m'nthochi kuseri kwa nyumba, n'kumapera anthu atapita kumunda. Kubisako ndiko kunandigwiritsa, chifukwa m'mudzi chinthu chobisa chimanunkha kuposa choyanika pabwalo. Ndinawonjezanso kupusa kwina. Kuti ndisamaoneke ndikuphika tsiku ndi tsiku, ndinaphika mphika waukulu woti ukwane masiku angapo. Kunali kotentha ngati lero. Mmene a Ng'uni, mkulu wa mpingo, ankafika kudzaona zimene anamva, mphika uja unali utayamba kuwira wokha popanda moto.

"Amama, mumphikamu muli chiyani?"

"Ndi phala la mwana, adada."

Anavundukula, ananunkhiza, anavundikiranso bwinobwino.

"Linali phala dzana, amama. Manje lili ndi dzina lina."

Sanandinamizire, fungo linali lomwelo. Akulu a mpingo anandiimika ku Mgonero kufikira masika. Potuluka pakhomo tsiku limene anadzandiuza chilangocho, a Ng'uni anakuyang'ana iwe, anaona masaya akubwerera, n'kunena chapansipansi kuti mwanayo ndisaleke kumupatsa, koma lizikhala la tsiku lomwelo. Chilango sanachichotse, ndipo ine sindinapemphe. Kuyambira tsiku limenelo lichero ndinkaliika pakhonde, pamaso pa aliyense wodutsa.

Miyezi imeneyo ndinkakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, pamodzi ndi oledzera enieni ndi amitala. Manyazi ndinali nawo, sindikubisira. Akazi amene ndinabatizidwa nawo ankandilambalala pachitsime. Koma unali kumsana kwanga, ndipo Lamulungu lililonse nsalu inkandikoka mapewa kuposa lapitalo. Anzanga akamapita kutsogolo kukalandira ine ndinkalira, osadziwa ngati ndikulirira mkate umene andimana kapena kulemera kumene kuli kumsanaku. Atandifunsa lero kuti ndibwereze, ndikhoza kukhalanso kumbuyoko.

Ndiye phunzira pa ine. Phika kochepa, ka tsiku lomwelo, kotsala ukamwe wekha madzulo, kasagone. Meretsa kochepa, poyera, pakhomo pako. Wofulula mowa amameretsa madengu ndipo amasunga migolo, iwe udzakhala ndi lichero limodzi ndi kamphika ka mwana, ndipo munthu wa maso amasiyanitsa. Apolisi akabwera usathawe, usabise kanthu pansi pa bedi. Apatse mpando, phika akuona, mwetsa Wezi akuona. Sindikulonjeza kuti adzamva, ndikanakhala wabodza. Mwina adzataya ndithu, mwina adzakutengera ku ofesi anthu akukuonerera. Zikatero lira, ukabwerako viika ena madzulo omwewo.

Pamene ndikulemba pano, mkate wa kamba wako uli pamoto kukhitchini, ndipo fungo layamba kufika kunkhokwe kuno. Nawonso uuphunzire, chifukwa munthu wapakati safunika kuyenda ndi chinangwa chouma chokha. Woyamba umene ndinaphika ine ndinanyinyirika nthochi, ndinaika ziwiri zosapsa bwino, ndipo ndinkavundukula kawirikawiri kuti ndione ngati ukufufuma. Unatuluka wolimba ngati mwanamphero. Adada ako anautembenuza m'manja n'kunena kuti autenga kuthengo akagendere nkhanga. Nthochi zizikhala zakupsa mpaka makoko kuda, zambiri, uzikanye mpaka zisungunuke. Thira ufa wa mawere, wa chimanga pang'ono kuti ugwirane, kamchere, kachidulo kosefa bwino kapena soda ngati wam'peza, ndi katsine ka chimera kuti uzune. Yala masamba a nthochi mumphika, khuthulira, vundikira ndi phale. Makala ambiri akhale pamwamba, pansi pakhale ochepa. Kenaka chokapo, usavundukule mpaka fungo la nthochi litasanduka fungo la mkate. Baya ndi kaudzu, kakatuluka kouma wapsa. Chimene unaika mumphika chimaoneka ngati matope a m'mbali mwa Luangwa, koma chimene umatulutsa chimaitana ana a mudzi wonse popanda kuwatuma mawu. Ndimadabwa nthawi zonse kuti zinthu zonyozeka chotero zimagwirizana bwanji mumdima muja.

Mkatewo ndi wako, udzakusunga powoloka Luangwa ndi pokwera mapiri a Muchinga, mpaka pamsewu waukulu pamene mukadikire lole. Wezi asadalire mkate wokha. Paliponse pamene mwapumula, sonkha moto, muphikire phala lake. Anzako a paulendo adzadandaula kuti ukuwachedwetsa, amuna makamaka, amene amayenda ngati akuthawa mkango. Asiye adandaule. Mukakhala m'lole moti moto n'kosatheka, nyenya kachibenthu ka mkate m'madzi ofunda amene unawiritsa, waza kachimera, dikira kafewe. Chakudza sichiimba ng'oma, mwana wotere amabwerera m'mbuyo tsiku limodzi lokha la kusadya.

Atate ake a Wezi, ndime ino ndi yanu. Ndikukupatsani moni ndi manja awiri. Ndikudziwa kuti nyumba ya kumigodi munaivutikira, ndipo simukufuna kuti mkazi wanu achititsidwe manyazi pakati pa alendo. Mwachita bwino kuchenjeza. Koma mkazi amene munakwatirayo alipo lero chifukwa cha chimera, ndipo mwana wanu akukwawa chifukwa cha chimera chomwecho. Ndikukupemphani chinthu chimodzi. Tsiku loyamba akaphika, mukhale pansi pafupi ndi mphika, muone nokha mthiko ukugona. Mukaona, muweruze. Ngati n'kotheka mukauziretu kapitawo wa komboni kuti m'nyumba mwanu muli mwana wodwala amene amadya zotere, mawu a mwamuna wa pantchito amamveka kuposa a mkazi wobwera kumene. Buledi wa m'sitolo adzadya akadzakula.

Esinati, dzuwa lapendeka, Wezi wayamba kutakataka, ndipo posachedwa ndimva mawu ako kudambo. Kalatayi ndikupatsa m'manja lero lomwe kuti uwerenge kusanade, usakaitsegulire kutsidya la Luangwa nthawi itatha. Kamtolo kaja ndi kathumba sindinazikhudze. Sindidzakuikira m'dengu mobisa, chifukwa chinthu chimene wanyamula osafuna ukachitaya pa mtsinje woyamba. Ndiwe mayi, ndipo amene akakhale m'komboni muja ndiwe, osati ine. Ukaona kuti mtima walimba, nyamula zonse pamodzi ndi mwana, ndidzakuperekeza mpaka padooko. Ukaona kuti mantha akukulira sindidzakunyoza, koma pamenepo Wezi umusiye. Ndidzamulera mpaka miyendo italimba, mudzamutenge akuthamanga. Chimene sindingalole n'chakuti apite nawe wopanda phala lake. Manda aang'ono ndaima pa awiri, ndipo achitatu atakumbidwa kumigodi sindingadziwe ngakhale mtengo umene ali pansi pake.

Adada ako ndawauza kale, ndipo amuyalira Wezi kamphasa pafupi ndi pogona panga. Ndisanayambe kulemba ndinalowa m'nyumba kawiri kukakayang'ana. Mwanayu ndimamufuna, mwana wanga, ndikaganiza za khomo lino lopanda phokoso lake ndimalakalaka atatsala. Koma mwana ndi wa amake, ndipo ndikupempha Mulungu kuti mawa kamphasako ndikapinde kopanda wogonapo.

Uyende bwino, ukafike ndi onse awiri, wakumsana ndi wam'mimba.

Ndine amama ako,
NyaLungu